Alamu Anga a Enock ndi Kadi ya Maulendo

Alamu anga a Enock sagula chinthu asanachitembenuze kawiri. Pakati pa ife Amalawi a ku Girrawheen, dera lina la mumzinda wa Perth, munthu akayamba kuumira timangoti wayamba zachi-Enock, ndipo aliyense amamva. Iwo amadziwa tsiku limene mafuta a galimoto amatsika mtengo, ndipo amalolera kuyenda kanyali kofiira kakuyaka padashibodi kudikira tsikulo. Amadziwanso nthawi imene m'sitolo amamata timapepala tochotsera mtengo pa buledi ndi nkhuku, moti amafika ngati anachita kuitanidwa. Ine ndine Annastazia, mng'ono wa akazi awo a Margreth. Chilamu chimandilola kuwaseka pamaso, ndipo mwayi umenewo sindinautayepo.

Koma ndisawanamizire, kuumira kwawo n'kwa pa iwo eni. Kukagwa maliro kumudzi kwa mnzathu, iwo ndiwo amayamba kufika panyumba ya wofedwayo kuno, atanyamula mipando ndi thumba la mpunga. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba kumene iwo ndi namwino, kuli azigogo achimuna amene salola wina kuwameta ndevu koma a Enock, chifukwa sapupuluma ndipo amayamba afunditsa kaye kansalu kopukutira. Ndi munthu wamfupi, wa mawu ochepa, woyenda ngati pansi pali mazira. Anabadwira ku Nathenje, ndipo achemwali anga anawapeza kwathu ku Mponela ali mnyamata wongoyamba ntchito pachipatala chaching'ono. Atakwatira anakhala pamudzi pathu monga mkamwini, kenako anapita kwa amalume athu kukapempha chitengwa, ndiko kuti chilolezo chotenga mkazi kupita naye kwina. Anawalola. Anapita nawo ku Lilongwe, ndipo patapita zaka anabwera nawo kuno ku Perth. Mwana wawo Tayamika anali atakula kale, anatsala n'kukwatiwa konko.

Kumayambiriro kwa 2020 amayi athu anagwa ndi sitiroko. Mmodzi wa ife anayenera kupita, ndipo popeza ine ndinali nditangobwerako kutchuthi, anapita ndi achemwali. Ananyamula kachikwama kakang'ono, chitenje chawo chophikira n'kuchisiya chili pachitseko cha kukhitchini, akuti milungu ingapo abwera. Amayi anayamba kupeza bwino, koma asanayambe kuyenda okha dziko lino linatseka zipata chifukwa cha mliri. Nzika zinkaloledwa kubwerera. Anthu a viza ngati yathu, amene tili kuno chifukwa cha ntchito, anauzidwa kuti adikire. A Enock anapempha chilolezo chapadera choti akazi awo abwerere, anakanidwa, anapemphanso, anakanidwanso. Ife a kuno matendawo sanatizunze kwenikweni, tinkapita kuntchito ndi kutchalitchi bwinobwino, koma tinali ngati nkhuku za m'khola, chakudya chilipo koma khomo lili chitsekere.

Nkhani ya kadi inabwera ndi a Mutale. Awa ndi bambo a ku Lusaka amene anasiya banja kwawo kudzachita maphunziro apamwamba a zowerengera chuma, ndipo ankachita lendi chipinda chakumbuyo m'nyumba ya a Enock. Masiku amenewo masitolo ambiri sankafuna ndalama za m'manja, aliyense ankangogunditsa kadi pakamakina. A Mutale anawauza alamu kuti popeza akugunditsa kale, bwanji osatenga kirediti kadi imene imakubwezera kenakake pa chilichonse wagula. A Enock anakana kwamtuwagalu. Kwa iwo kirediti kadi inali msampha wotchera anthu osadziletsa. Koma atamva kuti ukamalipira zonse mwezi usanathe banki sikudya chiwongoladzanja, m'malo mwake ndi iwe amene umaidya bankiyo, makutu anaima. Mawu akuti kudya banki ndiwo anawakola.

Anthu ena akanangotenga kadi yoyamba kuiona. Alamu anga anafufuza kwa milungu. Anayerekeza mabanki, anafunsa kuti kadi iyi amalipiritsa zingati pachaka, iyi imabweza mpaka pati, nanga ukachedwa kulipira chilango chake n'chotani. Anaimbira foni anthu a kubanki mpaka ndikhulupirira kuti ena anayamba kuwazindikira mawu. Pamapeto anakhazikika pa kadi imene imakulola kusankha wekha mtundu wa zogula umene uzikubwezera zambiri. Panali golosale, mafuta a galimoto, mankhwala, malo odyera, ndi maulendo, ndiko kuti matikiti a ndege ndi mahotela. Unkasankha chimodzi chokha. Ukasankha, chinkakhala chomwecho kwa miyezi itatu, ndiye banki inkakufunsanso. Zotsalazo zinkabweza kadontho chabe.

Tsiku losankha linali Lamulungu, titaweruka kutchalitchi. Tinakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mandimu, ine, a Mutale ndi iwo, foni ili pakati patebulo. A Mutale anali atawerengera kale. Anati munthu wa m'nyumbamo ndalama yake yambiri imathera ku chakudya, ndipo akawonjeza mpunga wa kumaliro aja, golosale ndiye yankho, palibenso chokambirana. Ine ndinati mafuta, poganiza za mtunda wopita kuntchito kwawo. A Enock anamvetsera onse awiri mwaulemu, akugwedeza mutu. Kenako anapukuta chala pathalauzi, n'kudina pa maulendo.

"Ba Enock, imwe, manje ndeke ili kuti?" anatero a Mutale m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Kulibe ndeke. Sankhani vakudya chabe, muzasintha bakasegula."

"Tikiti ya amake Tayamika ndi yodula kuposa mpunga," anayankha alamu. "Tsiku logula lipeze zili kale m'malo."

Tinawafotokozera kuti tsikulo silili pafupi, ndipo likadzayandikira adzasintha. Iwo anati boma silichenjeza munthu, likhoza kutsegula mawa iwo atatsekeredwa pa golosale. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wodikira tsiku lotsika mafuta anali atasankha kubwezeredwa pa chinthu chimene dziko lonse linaleka kugulitsa. Nkhaniyo inawanda. Kutchalitchi ankawafunsa kuti bwana oyendayenda mwatera liti, ndipo amayi ena a ku Balaka anawapatsa dzina loti Pailoti. Iwo ankangomwetulira.

Chimene a Enock sanadziwe n'chakuti polembetsa kadiyo anaika akazi awo ngati mwini wachiwiri, poti kwa iwo chinthu cha m'banja ndi cha anthu awiri, ndipo anapereka imelo ya achemwali. Kadi yachiwiriyo inafika n'kuikidwa m'dirowa. Koma uthenga wa banki unkapita kwa onse. Patangopita masiku ochepa achemwali anandiimbira kuchokera ku Mponela, akuseka, kundifunsa kuti amuna awo ayamba liti maulendo. Nditawafotokozera, kuseka kunatha. Kenako anandilumbiritsa kuti ndisawauze alamu kuti uthengawo umafikanso kumudzi. Anati akadziwa azidzachita modzionetsa, pamene pano akuchita osadziwa kuti pali wowaona. Ndinalonjeza.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. A Enock ankaimba foni kumudzi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nthawi zina ndinkakhalapo. Ankafunsa ngati amayi amwa mankhwala. Ankafunsa za mvula, za mtengo wa feteleza, za denga la khitchini ngati lakonzedwa. Ankatumiza ndalama osachedwa ndi tsiku limodzi. Koma kunena kuti ndakusowa, kapena kuti bwera, ayi ndithu. Achemwali akati masiku akuchuluka, iwo ankati Mulungu ndiye akudziwa, samalani amayi. Mwamuna wolankhula ndi mkazi wake ngati mlangizi wa zaulimi, ine zinkandipsetsa mtima. Achemwali zinkawapweteka, ndipo anandiuza mosabisa kuti pena amaganiza kuti bambowa apeza mtendere okhala okha.

Tsiku lina ndinawapanikiza m'khitchini mwawo. Ndinawapeza akukazinga mazira, chakudya chokhacho chimene manja awo amachidziwa, chitenje chija chikadali pachitseko pomwe anachisiya eni ake. Ndinawafunsa ngati pakamwa pawo pamatupa akafuna kuuza mkazi wawo kuti akumufuna. Anazimitsa sitovu, n'kundiyankha modekha ngati akufotokozera wodwala za mankhwala.

"Alamu, ine mkazi uja ndinachita kupempha. Pano ali kwawo, pakhomo pa amayi ake odwala. Mkamwini angaime patali n'kumakuwa kuti bwera kuno? Ndiye kuti ndikuti awasiye amayi. Eni ake akamumasula, ndidzapemphanso monga ndinapemphera."

Ndinawauza kuti zimenezo ndi za makedzana, achemwali si mbuzi yobwereka. Anati akudziwa, koma ulemu sukalamba. Anawonjeza kuti kuitana munthu amene njira yake ndi yotseka n'kumuwawitsa mtima chabe. Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Lonjezo lija linkandiyabwa pakamwa, koma ndinalisunga.

Miyezi inapita, ndipo moyo wa kumudzi unayamba kuwakulunga achemwali pang'onopang'ono. Munthu sungakhale pakhomo manja lende. Anayamba ndi nkhuku zochepa, kenako khola lonse. Analowanso m'gulu la amayi a kutchalitchi kumene anakulira, mpaka anawasankha kukhala msungichuma. Tayamika anabereka mwana wamkazi, ndipo agogo ake anali pomwepo kumusambitsa ndi kumubereka kumbuyo. Amayi athu, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anayamba kunena poyera kuti kwa azunguko akatenganso chiyani, mwamuna akafuna adzabwera yekha. Anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yawo oti amangepo. Panali bambo wina woumba njerwa amene ankabwera kudzafunsa kuti ayambe liti. Tonse tinkadziwa tanthauzo la njerwazo. Mkazi akamanga nyumba kwawo, kuno adzangobwera ngati mlendo, ngati adzabwere n'komwe.

Koma miyezi itatu ikakwana, banki inkafunsa a Enock, iwo n'kudina pomwe paja, ndipo uthenga unkagwa pafoni ku Mponela. Achemwali ankandiimbira tsiku lomwelo. Ankati, "Abanki andilembera, akuti ndikadali pa ulendo." Ndiye ankamuuza woumba njerwa uja kuti adikire kaye. Ankanena moseka, koma ine ndimawadziwa achemwali anga. Banja la zaka zonsezo linali likulendewera pa kauthenga kolembedwa ndi makina, ndipo zimenezi zinkandichititsa mantha.

A Mutale nawo sanatope. Nthawi yosankha ikayandikira ankawakumbutsa mwaulemu zimene akutaya, ndipo sankanama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo alamu ankasiya wa pamphuno kufuna wa pachala. Kadi yawo inkabweza timakobiri tosakwana kugula nkhuku, pamene anzawo amene anatenga kadi yomweyo n'kusankha golosale ankadzitama kuti Khirisimasi yawo yalipiridwa ndi banki. Ndinkaona kuti zimawaluma a Enock. Munthu woumira akamva kuti ndalama ikumudutsa pakhomo, thupi lonse limamuwawa. Koma ankadinabe maulendo.

Kumapeto kwa 2021 kunayamba kuwala. Kunamveka kuti anthu a maviza ngati athu aziloledwa kulowa. Tisanamalize kusangalala, kunabuka mtundu wina wa kachilombo, ndipo maiko a kumwera kwa Africa, Malawi ali momwemo, anatsekeredwanso. Chiletsocho chitachotsedwa, boma la chigawo chathu chino linatchula tsiku la mu Febuluwale loti lidzatsegule. A Enock sananene kanthu kwa munthu, paja kwathu ulendo salengeza. Koma ndinawapeza akutsuka mawindo. Anadula udzu, anachapa makatani, anagula ngakhale mapilo atsopano pamtengo wake weniweni, osadikira selo. Pailoti anali atayamba kutenthetsa injini, tinkatero pomwe iwo palibe.

Ndiye mu Januwale, kutatsala milungu iwiri yokha, boma linasintha maganizo. Linati tsiku lija lalephereka, ndipo silinatchule lina. Anthu ambiri kuno analira. Alamu sanalire, koma anakalamba. Lamulungu lotsatira anabwera kutchalitchi atavala malaya osasita, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Nyimbo sanaimbe. Titatuluka wina anayesa kuwaseka za ndege, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anameza mawu ake.

Loweruka lake masana ndinapita kukawaona nditatenga mandasi. Kunja kunali dzuwa lija la ku Perth lowotcha mpaka phula kufewa. Ndinawapeza ali pansi pa mandimu ndi a Mutale, foni ili patebulo monga tsiku loyamba lija. A Mutale anandilonjera mwamanyazi. Anati nthawi yosankha inakwana, ndipo powamvera chisoni anawauza kuti kusankha chakudya si tchimo, munthu amayenera kudya podikira. A Enock sanandiyang'ane. Anangoti atopa kusekedwa ndi makina, ndipo asankha golosale. Nditafunsa kuti adina liti, anati posachedwapa, tiyi amene anali m'kapu asanazizire.

Ku Malawi unali m'mawa, nthawi imene achemwali amakhala atamaliza kudyetsa nkhuku n'kukhala pakhonde ndi foni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiswe lonjezo lija, koma foni ya patebulo inandipitirira. Inalira, ndipo pagalasi panaoneka dzina la amake Tayamika. Alamu anayankha pavidiyo monga mwa masiku onse, n'kuyamba kufunsa ngati mvula inagwa usiku. Achemwali sanayankhe za mvula. Anali atakhala pakhonde la amayi, duku lili pambali, nkhope ili phee.

"Bambo a Tayamika, mwasankha golosale."

A Enock anayang'ana a Mutale, kenako ine. Ndinawauza mwachidule kuti uthenga wa banki wakhala ukupita kwa anthu awiri kuyambira pachiyambi. Anagwira m'mphepete mwa tebulo. A Mutale ananyamuka mwakachetechete kulowa m'nyumba, koma ine sindinasunthe. Nkhani ya mchemwali wanga ndi yanganso.

Achemwali analankhula mosakweza mawu. Anati zaka ziwiri zonsezi mwamuna wawo sanawauzepo kuti abwerere. Anati amayi awo, anzawo a kutchalitchi, ngakhale mwana wawo yemwe, onse amawauza kuti akhazikike, ndipo chinthu chokhacho chimene chinkanena zosiyana chinali kauthenga kaja. Kakabwera, ankadziwa kuti kuli munthu kutsidya la nyanja amene amadana ndi kutaya ndalama kuposa chilichonse, koma akutayabe chifukwa cha iwo. Ndi kauthengako ankabweza woumba njerwa. Lero kanena zina.

"Mvula ikatha akufuna ayambe kuumba," anatero. "Ndimuuze chiyani?"

Alamu anayamba kufotokoza za miyezi itatu, za kuti boma silinatchule tsiku, za kuti a Mutale anawerengera bwino. Achemwali anangowayang'ana. Alamu ataona kuti masamu sakuthandiza, anati madzulo omwewo aimbira amalume kuti akambirane mwaulemu za kumasulidwa kwawo.

"Amalume anakupatsani kale, kalekale," anatero achemwali. "Tsiku limene lija munafunsa amalume, munafunsa amayi, munafunsa mudzi wonse. Ine simunandifunse. Ndifunseni ineyo."

Kumbali ya ku Mponela tambala analira, ndipo kuno mbalame zaphokoso zinali kukangana pawaya. Ndinaona alamu anga akulimbana ndi pakamwa pawo. Munthu amene amatha kutonthoza gogo wosokonezeka mutu mpaka kugona anali kusowa poyambira. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwaika patebulo.

"Margreth," anatero. "Bwera. M'nyumba muno simukukhalika. Ndatopa kudya ndekha."

Chikwatirire chawo sindinawamvepo akutchula dzina la achemwali, kapena kuwalankhula ngati mtsikana amene anakumana naye pachipatala cha ku Mponela. Achemwali anaphimba nkhope ndi duku lija. Ine ndinalira poyera, sindibisa, mandasi ali pamiyendo. Atachotsa dukulo anafunsa kuti nanga amayi. A Enock anati amayi ali ndi ana ena, ali ndi apongozi, ali ndi zidzukulu, ndipo chithandizo chawo sichidzaduka, koma iwo ali ndi mkazi mmodzi yekha. Achemwali anati amva. Anati woumba njerwa akamuuza kuti akafune ntchito kwina, ndipo nkhuku azisiyira Tayamika. Kenako, poti ndi achemwali anga, anafunsa kuti malaya avalawo anasitidwa liti.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma alamu anadekha zaka ziwiri n'kuphethira nkhono itatsala pang'ono kutulutsa maso. Mwezi usanathe boma linalengeza kuti litsegula kumayambiriro kwa Malichi, ndipo ulendo uno linasunga mawu ake. A Enock anaimbira kubanki kupempha kuti awabwezere pa maulendo. Mtsikana amene anayankha anawamvera chisoni, anamvetsera nkhani yonse mpaka ya nkhuku, koma anati lamulo ndi miyezi itatu, palibe chimene angachite. Matikiti anali atakwera mtengo koopsa chifukwa aliyense ankafuna kuyenda nthawi imodzi. Tikiti imene anaidikira nthawi yonseyo kuti adzadyepo banki anaigula kadi ili pa golosale, ndipo inawabwezera kadontho kaja.

A Mutale ndiwo anadandaula kwambiri. Anayendayenda m'nyumba atagwira mutu, akupepesa, akuti akanadikira milungu itatu yokha. Anaganiza zoti mwina tikitiyo igulidwe mu Epulo kadi ikamasuka. Alamu anawayang'ana ngati anena zotukwana. Anasankha ndege yoyamba imene inali ndi mpando, osayerekeza ndi ina, osafunsa ngati mawa itsika. Ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa a Enock akugula chinthu osachitembenuza.

Koma kadi ija siinagone ndi njala. Mlungu woti achemwali afike, alamu anazungulira masitolo ngati akukonza ukwati. Anagula nyama ya mbuzi kwa Asomali a ku Mirrabooka, mpunga, nyemba, masamba a maungu kumene anawapeza, tiyi amene akazi awo amakonda, ndi zina zambiri zoti furiji inakana kutseka. Kwa nthawi yoyamba banki inawabwezera ndalama yooneka. Atandionetsa pafoni ndinawauza kuti aona, a Mutale ankanena zoona kuyambira kale. Anavomera kuti inde, pa masamu a Mutale sanalakwepo.

Achemwali anafika atada ndi dzuwa la kumunda, atawonda pang'ono, ali ndi kachikwama komwe kaja. Kubwalo la ndege panalibe zochititsa chidwi. Anagwirana chanza ngati anthu a mpingo umodzi, alamu n'kulanda chikwamacho, ndipo m'galimoto anakambirana za mvula. Titafika kunyumba achemwali anaima pakhomo la khitchini, anayang'ana chitenje chija, anachinunkhiza, n'kunena kuti zaka ziwiri munthu osaganiza zochichapa. Kenako anachimanga m'chiuno.

Lero a Enock akadali momwemo. Akudikirabe tsiku lotsika mafuta, akumetabe azigogo awo, ndipo dzina la Pailoti silinawachoke. Mawu sanachuluke, kungoti nthawi zina, akayesa kuti palibe akumva, amaitana kuti Margreth.

Miyezi itatu ija itakwana, banki inafunsanso. Linali Lamulungu masana, tili pansi pa mandimu tonse anayi. Mafoni awiri analira nthawi imodzi, ina patebulo, ina m'chikwama cha achemwali. A Mutale anatsokomola n'kuyang'ana kumwamba, atatsimikiza kuti ulendo uno sanena kanthu. Ine ndinati mwina abwerere pa maulendo, poti mdzukulu ali kumudzi ndipo tsiku lina adzafuna kukamuona. Alamu anapukuta chala pathalauzi monga mwa chizolowezi, koma sanadine. Anakankhira foniyo kwa akazi awo n'kuwafunsa kuti iwo akuti bwanji.

Achemwali anaitenga, anaiyang'ana patali poti magalasi anali m'nyumba, n'kudina okha.

"Golosale," anatero, akubweza foniyo. "Pakhomo pano palibe wa paulendo."